Kunenepa kwambiri kwa ana: kodi gwero lake ndi pakhomo kapena kunja? Mafunso ndi mayankho

Kwa zaka zambiri nkhawa ya makolo ndi azaumoyo m'Malawi yakhala pa mwana wowonda, wonyentchera kapena wopinimbira, ndipo nkhawa imeneyi ikadali yoyenera mpaka lero. Komabe m'mizinda yathu, ngakhalenso m'matauni ang'onoang'ono a m'maboma, mwayamba kuoneka vuto lina limene kale tinkangolimva kuti lili kumayiko akutali, la ana olemera mopitirira msinkhu wawo. Nkhaniyi ikangoyambika anthu amagawikana pawiri: ena amati makolo ndiwo akulekerera ana, pamene ena amaloza chala makampani a zakudya, kukwera mitengo kwa zinthu ndi moyo wa m'tauni. Mafunso otsatirawa ndi amene makolo, agogo ndi aphunzitsi amafunsa kawirikawiri akaona mwana akukula thupi mofulumira.

Kodi mwana wonenepa si ndiye mwana wathanzi? Tingadziwe bwanji kuti wapitirira muyeso?

Maganizo akuti kunenepa ndiko thanzi ali ndi pochokera pake, ndipo si bwino kuwanyoza. Anthu amene anaonapo njala, amene anaika m'manda ana onyentchera, ndiponso amene anadutsa m'zaka zimene kuwonda kunkachititsa anthu kunong'onezana za Edzi, ali ndi chifukwa chomveka chosangalalira akaona mwana wa masaya odzadza. Khanda la miyezi ingapo limene likuyamwa bere lokha n'kumaoneka lonenepa nthawi zambiri silikhala pa vuto lililonse, ndipo siliyenera kuchepetsedwa bere.

Vuto limayamba pamene mafuta a m'thupi achuluka mpaka kuyamba kuika moyo pa chiopsezo, ndipo zimenezi sizidziwika ndi maso okha. Kwa ana osakwana zaka 5, azaumoyo amayerekeza kulemera kwa mwana ndi kutalika kwake pogwiritsa ntchito matchati a bungwe la World Health Organization, limene limadziwika kuti WHO. Kwa ana a zaka 5 mpaka 19 amawerengera BMI, imene imapezeka pogawa makilogalamu a kulemera kwa munthu ndi mamita a kutalika kwake ochulukitsidwa ndi mamita omwewo, kenaka n'kuyerekeza yankholo ndi zaka za mwanayo komanso ngati ali mnyamata kapena mtsikana. Manambala a BMI amene amagwira ntchito pa akuluakulu sagwira ntchito pa ana. N'chifukwa chake sikelo ndi yofunika ngakhale kwa mwana wooneka wodzadza, pakuti mzere wa kakulidwe m'buku lake la kuchipatala ukamakwera mothamanga mwezi ndi mwezi, mlangizi wa zaumoyo amatha kuona vutolo lisanakule. Kumbukiraninso kuti kutupa mapazi, manja ndi nkhope kumene kumabwera chifukwa cha kusowa zakudya m'thupi si kunenepa ayi, koma ndi matenda ofunika kuthamangira nawo kuchipatala.

Vutoli ndi lalikulu bwanji, ndipo kodi likutikhudzadi ife kuno?

Malinga ndi WHO, m'chaka cha 1990 ana ndi achinyamata 8 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 19 padziko lonse anali olemera mopitirira muyeso, koma pofika 2022 chiwerengerocho chinali chitafika pa 20 mwa 100 alionse. Amenewa ndi ana oposa 390 miliyoni, ndipo mwa iwo 160 miliyoni anali onenepa kwambiri mofika potchedwa matenda.

Kuno kwathu chiwerengero chikadali chotsika poyerekeza ndi mayiko ena. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali olemera mopitirira muyeso, pamene 37 mwa 100 alionse anali opinimbira. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kumene zinthu zikulowera: amayi olemera mopitirira muyeso anali 21 mwa 100 alionse, kuchoka pa 10 m'chaka cha 1992, ndipo m'matauni anafika 36 mwa 100 alionse. Zimene zayamba kuchitikira amayi sizichedwa kufika kwa ana awo, chifukwa onse amadya kuchokera mumphika umodzi ndi mumsika umodzi. Motero dziko lathu likusenza mitolo iwiri nthawi imodzi, kupinimbira ndi kunenepa, ndipo nthawi zina mitolo yonseyi imapezeka m'nyumba imodzi.

Nanga wolakwa ndani kwenikweni, makolo kapena zinthu zakunja?

Ili ndilo funso lalikulu, ndipo yankho lake loona silikomera mbali imodzi yokha. Palibe angakane kuti mwana wamng'ono sadzigulira chakudya, sadziphikira, ndipo sasankha yekha nthawi yogona. Chimene chili m'mbale mwake chadutsa m'manja mwa munthu wamkulu. Amene amanena kuti makolo alibe gawo lililonse amawalanda makolowo mphamvu imene ali nayo ndithu, ndipo kutero sikuthandiza mwana.

Koma taganizirani za chiwerengero chija chimene chinakwera kuchoka pa 8 kufika pa 20 m'zaka 32 zokha, m'mayiko a zinenero, zipembedzo ndi miyambo yosiyanasiyana. N'zosamveka kunena kuti makolo a ku Mexico, ku China, ku Egypt ndi ku South Africa onse anagwirizana kusiya kusamala ana awo pa nthawi imodzi. Chibadwa cha anthu nachonso sichisintha m'mibadwo iwiri. Chimene chinasintha ndi malo amene makolo akulereramo ana: zakumwa za shuga ndi zakudya za m'mapaketi zinafika pa golosale iliyonse, zinatsika mtengo poyerekeza ndi zipatso, nsomba ndi mazira, zinayamba kutsatsidwa mwaluso, ndipo pa nthawi yomweyo ana ambiri anasiya kuyenda mitunda ndi kusewera panja.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha anthu a mtundu wa Pima. Ena a iwo amakhala ku Arizona m'dziko la United States, ena amakhala kumapiri a ku Sonora m'dziko la Mexico, ndipo onse ndi a gwero limodzi. A ku Mexico, amene ankalima okha ndi kudya zakudya za makolo awo, anapezeka ochepa thupi, pamene a ku Arizona, amene moyo wawo unasinthiratu madzi othirira minda yawo atapatutsidwa n'kuyamba kudalira zakudya zogula ndi zolandira, anapezeka onenepa kwambiri, ndipo matenda a shuga pakati pawo anali ochuluka kuposa kasanu. Mtundu ndi umodzi, chikondi cha makolo pa ana awo n'chimodzimodzi, koma malo ndi osiyana.

M'kuona kwanga, njira yolungama yofotokozera nkhaniyi ndi yakuti banja limasankhadi, koma limasankha pakati pa zinthu zimene ena analiikira patsogolo, pa mitengo imene silinaike, ndiponso m'nthawi yochepa imene yatsala pambuyo pa ntchito. Zinthu zakunja ndizo zimafotokoza chifukwa chake ana onenepa achuluka m'dziko lonse. Zochitika pakhomo pamodzi ndi chibadwa ndizo zimafotokoza chifukwa chake mwana uyu wanenepa pamene mnzake woyandikana naye nyumba sananenepe. Amene alibe mlandu konse ndi mwana mwiniwake.

Kwathu tonse ndife onenepa. Kodi si zakumtundu basi?

Kutengera kumtundu kulipo ndipo mphamvu yake ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Kafukufuku wochitidwa pa mapasa m'mayiko osiyanasiyana amaonetsa kuti gawo la pakati pa 40 ndi 70 pa 100 la kusiyana kwa matupi a anthu okhala m'malo ofanana limachokera ku chibadwa. M'chaka cha 1986 dokotala Albert Stunkard ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 540 a ku Denmark amene analeredwa ndi makolo osawabereka, ndipo anapeza kuti matupi awo atakula ankafanana ndi a makolo owabereka, osati a makolo owalera. M'chaka cha 1994 Jeffrey Friedman ndi gulu lake ku Rockefeller University anatulukira homoni yotchedwa leptin, imene mafuta a m'thupi amatulutsa pouza ubongo kuchuluka kwa mphamvu zimene thupi lasunga, ndipo kuyambira pamenepo zinadziwika bwino kuti njala ndi kukhuta zimayendetsedwa ndi thupi, si nkhani ya khalidwe chabe.

Tanthauzo lake ndi lakuti ana ena amabadwa ndi chilakolako chachikulu cha chakudya ndipo amachedwa kumva kukhuta. Mwana wotere si wadyera, ndipo kumutchula dzina limeneli ndi kumulakwira. Koma chibadwa sichigamula mlandu wonse. Agogo athu ambiri anali ndi chibadwa chomwechi koma sananenepe ali ana, chifukwa m'mudzi munalibe zakumwa za m'mabotolo tsiku lililonse. Banja limene likudziwa kuti kunenepa, matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi zili kumtundu kwawo liyenera kutenga zimenezi ngati chifukwa chokhalira tcheru msanga, osati chifukwa chogwetsera manja pansi. Tizikumbukiranso kuti m'banja timapatsirana zinthu ziwiri, magazi ndi kaphikidwe, ndipo chachiwirichi chikhoza kusinthidwa.

Kodi zimene zimachitika mwana asanabadwe zili ndi gawo?

Zili nalo, ndipo pano mpamene malire a pakati pa chosankha cha banja ndi zinthu zakunja amasokonekera kwambiri. Mayi amene ali wonenepa kwambiri potenga pathupi, amene ali ndi matenda a shuga a nthawi yoyembekezera, kapena amene amasuta fodya ali woyembekezera, amabereka mwana amene ali pa chiopsezo chokulirapo cha kunenepa.

Chodabwitsa n'chakuti njala nayonso imabweretsa chiopsezo chomwecho. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili kumapeto, kumadzulo kwa dziko la Netherlands kunagwa njala yoopsa. Patapita zaka, akatswiri anapeza kuti anyamata amene amayi awo anakumana ndi njalayo m'miyezi yoyambirira ya pathupi anali onenepa kwambiri mochuluka kuposa anzawo atafika pa msinkhu wolowa usilikali. Thupi limene lakula mosowa limaphunzira kusunga chilichonse chimene lapeza, ndipo likadzakumana ndi chakudya chambiri cha mafuta ndi shuga limasunga mopitirira. Nkhani imeneyi ikutikhudza ife kwambiri, chifukwa mwana wobadwa wochepa sikelo kapena wopinimbira kumudzi, amene pambuyo pake wapita kukakhala ndi achibale ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, akhoza kukhala wamfupi ndi wonenepa nthawi imodzi. Mayi amene anasowa chakudya m'chaka cha chilala sanasankhe kutero.

Kuyamwitsa kumateteza ndithu, ngakhale kuti si chitetezo chathunthu. Uphungu wa azaumoyo ndi woti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira, kenaka apitirize kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Koma apanso mayi wogwira ntchito m'shopu kapena m'nyumba ya munthu, amene sapatsidwa tchuthi chokwanira cha uchembere, sangaimbidwe mlandu ngati mmene angaimbidwire munthu amene anali ndi mpata wonse.

Ndi zosankha ziti za pakhomo zimene zili ndi mphamvu yeniyeni?

Choyamba, ndipo choposa zonse, ndi zakumwa. Botolo la mamililita 300 la zoziziritsa kukhosi zambiri limakhala ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 30, amene ndi timasupuni ta tiyi 7 kapena 8. WHO imalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amadya patsiku, ndipo imati n'kwabwino koposa kumutsitsa kufika theka la pamenepo, zimene kwa munthu wamkulu ndi timasupuni pafupifupi 6. Choncho botolo limodzi lokha limaposa timasupuni 6 timeneti ta tsiku lonse. Choipa china cha shuga wa m'zakumwa n'chakuti sakhutitsa, moti mwana akamwa amadyabe nsima yake yonse. Majuwisi a m'mapaketi, zakumwa zosungunula ndi madzi, mafilizesi, yogati wotsekemera, tiyi wa masupuni anayi ndi thobwa lothiridwa shuga wambiri zonse zili m'gulu lomweli. N'zoona kuti shuga wogulitsidwa m'Malawi amaikidwa vitamini A, koma cholinga chake n'choti shuga wochepa amene anthu amadya kale abweretse phindu, osati kuti ana azipatsidwa wochuluka. Banja limene lingasinthe chinthu chimodzi chokha lisinthe ichi: madzi akhale chakumwa cha tsiku ndi tsiku, zotsekemera zikhale za pa chikondwerero.

Chachiwiri ndi kapangidwe ka mbale. Azaumoyo kuno amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. M'nyumba zambiri gulu loyamba ndi lomaliza ndiwo amadzadza mbale, nsima ya ufa woyera kapena mpunga wambiri ndi ndiwo zosambira m'mafuta, masamba n'kukhala kadontho pambali. Mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, usipa, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, mbatata yophika, magwafa, mapapaya ndi masuku si zakudya za anthu osauka monga ena amazionera akasamukira m'tauni. Ndizo zakudya zimene akatswiri a kadyedwe padziko lonse akulimbikitsa anthu kubwererako.

Chachitatu ndi kadyetsedwe. Kukakamiza mwana kumaliza mbale atanena kuti wakhuta kumamuphunzitsa kusamvera thupi lake. Kumutonthoza ndi bisiketi akalira, kapena kumulonjeza chipisi akakhoza mayeso, kumamuphunzitsa kuti chakudya ndi mankhwala a chisoni ndiponso malipiro a khama. Kudyera patsogolo pa wailesi ya kanema kapena foni kumachititsa munthu kudya osazindikira kuchuluka kwa zimene wadya. Njira imene akatswiri ambiri amavomereza ndi yoti kholo lisankhe chakudya, nthawi ndi malo odyera, koma mwana asankhe yekha pamene wakhuta.

Pomaliza pali tulo, chinthu chimene makolo ambiri sachiganizira n'komwe. Mwana wosagona mokwanira amamva njala kwambiri tsiku lotsatira ndipo amalakalaka zotsekemera. Wa zaka 3 mpaka 4 amafunika maola 10 mpaka 13 patsiku, ndipo wa ku pulayimale amafunika maola 9 mpaka 12.

Ine ndimaphika bwino pakhomo, nanga n'chifukwa chiyani mwana wanga akunenepabe?

Chifukwa mwana wa sukulu sadya pakhomo pokha. Ndalama yodyera imene mumamupatsa m'mawa imathera pa geti la sukulu, pamene pamagulitsidwa mandasi, zigege, chipisi cha pachiwaya, tizakudya ta m'mapaketi ta mchere ndi utoto, masiwiti ndi mafilizesi. Amayi ogulitsa zimenezi nawonso akufuna kulipirira ana awo fizi, ndipo amagulitsa chimene chimayenda malonda ndi chosachedwa kuwonongeka. Paketi ya tizakudya touma imakhala miyezi osawola, pamene nthochi imada m'masiku ochepa.

Zakudya zopangidwa m'mafakitalezi zimakonzedwa mwaluso kuti munthu asafune kusiya. M'chaka cha 2019 katswiri Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku United States anasunga anthu akuluakulu 20 kwa milungu inayi, n'kumawapatsa milungu iwiri zakudya zoterezi ndi milungu iwiri zakudya zophika kuchokera ku zinthu zachilengedwe, akuwalola kudya mmene akufunira. Pa milungu ya zakudya za m'fakitale anthuwo ankadya makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 500 owonjezera patsiku ndipo analemera ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Ngati zinatero ndi akuluakulu, mwana wa sitandade 3 sitingamuyembekezere kudziletsa yekha.

Palinso anthu ena olera. Agogo amene amaonetsa chikondi mwa kudyetsa, wantchito wa pakhomo amene amatonthoza mwana ndi chilichonse chili pafupi kuti amalize ntchito zake, ndi achibale obwera ndi zotsekemera monga mphatso, onsewa ali ndi gawo. Kulankhula ndi agogo kumafuna ulemu ndi kuleza mtima. M'malo mowauza kuti akuwononga mwana, n'kwabwino kuwafotokozera zimene azaumoyo anena kusikelo ndi kuwapempha thandizo, mwachitsanzo kuti, "Amayi, mdzukulu wanuyu achipatala ati tichepetse shuga, mwina mudzimusungira chimanga chowotcha kapena mtedza." Agogo ambiri akadziwa kuti nkhani ndi ya matenda a shuga, amene awaona akuvutitsa anzawo, amakhala oyamba kuteteza mdzukulu.

Kodi limeneli ndi vuto la mabanja olemera kapena osauka?

Zimatengera dziko. M'mayiko osauka monga lathu kunenepa kumayambira m'mabanja opeza bwino a m'tauni, amene angathe kugula zakumwa, soseji ndi nkhuku yokazinga, ndiponso amene ana awo amapita kusukulu pa galimoto. Chuma cha dziko chikamakwera, vutoli limasamukira kwa osauka. Ku England, kumene ana a ku pulayimale amayezedwa chaka ndi chaka, ana a m'madera osaukitsitsa amapezeka onenepa kwambiri mochuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi a m'madera olemera. Abale athu okhala ku Britain ndi ku South Africa amadziwa chifukwa chake: kholo logwira ntchito usiku kapena mashifiti awiri silipeza nthawi yophika, ndipo chakudya chotsika mtengo chokhutitsa msanga ndicho chodzadza mafuta, shuga ndi mchere. Umenewu ndi umboni wina wamphamvu wakuti nkhaniyi si ya khalidwe la makolo lokha, pakuti palibe chifukwa choganizira kuti makolo osauka amakonda ana awo mochepa.

Kodi ana a masiku ano angokhala aulesi?

Ayi. WHO imalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 patsiku, kuti wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi akuonera kanema kapena foni, ndiponso kuti khanda lisapatsidwe n'komwe. Kale palibe ankawerengera mphindi zimenezi chifukwa fulaye, jingo, chipako, phada ndi mpira wachikulunga zinkatenga madzulo onse, kuwonjezera pa ulendo wapansi wopita kusukulu. Lero mabwalo ambiri a m'malokeshoni anagawidwa mapuloti, misewu yadzadza magalimoto ndi njinga zamoto za kabaza popanda poyenda anthu apansi, sukulu zina zomwe si zaboma zili m'nyumba zopanda bwalo, ndipo ana akaweruka amapitanso ku maphunziro apadera mpaka dzuwa kulowa. Kholo limene limatsekera mwana kumpanda poopa ngozi ndi anthu oipa silikulakwa. Gawo la banja ndi kuika malire pa foni ndi kanema, kupatsa ana ntchito za pakhomo, anyamata ndi atsikana omwe, ndi kuyenda nawo pansi pamene n'kotheka. Koma kusunga mabwalo a masewera ndi udindo wa makhonsolo, mafumu ndi eni sukulu. Dziwaninso kuti masewera okha sangafafanize kadyedwe koipa, chifukwa mphamvu za m'botolo limodzi la chakumwa zimafuna kuyenda kwa theka la ola kapena kuposerapo kuti zithe.

Kodi pali matenda kapena mankhwala amene amanenepetsa mwana?

Alipo, ngakhale kuti amakhudza ana ochepa. Kufooka kwa chithokomiro, kuchuluka kwa homoni ya cortisol ndi matenda obadwa nawo monga Prader-Willi zimatha kunenepetsa mwana. Chizindikiro chothandiza n'chakuti mwana wonenepa chifukwa cha kadyedwe nthawi zambiri amakhala wamtali pa msinkhu wake, pamene wonenepa chifukwa cha mahomoni amakhala wamfupi kapena amasiya kutalika. Mankhwala monga prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, sodium valproate wa matenda a khunyu, ndi mankhwala ena a matenda a maganizo amawonjezeranso thupi. Musamusiyitse mwana mankhwala otere panokha, koma kambiranani ndi dokotala amene anawalemba.

Boma lingachitepo chiyani, ndipo kodi malamulo amathandizadi?

Mayiko angapo ayesa ndipo pali zimene tingaphunzire. Mexico inaika msonkho wa peso imodzi (ndalama ya dzikolo) pa lita iliyonse ya zakumwa za shuga m'chaka cha 2014, ndipo kugulidwa kwa zakumwazo kunatsika, makamaka m'mabanja osauka. Chile m'chaka cha 2016 inalamula kuti zakudya zochuluka shuga, mchere, mafuta kapena makalori ziziikidwa chizindikiro chakuda chochenjeza kutsogolo kwa paketi, inaletsa kuzigulitsa m'sukulu, ndipo inaletsa kugwiritsa ntchito zithunzi za tizidole pokopa ana. Britain ndi South Africa anayamba misonkho yawo mu April 2018, ndipo m'mayiko onse awiri makampani ambiri anachepetsa shuga m'zakumwa zawo pofuna kupewa msonkhowo, moti mwana amene sanasinthe chilichonse pa zimene amamwa anayamba kumwa shuga wochepa. M'chaka cha 2023 WHO inatulutsa malangizo olimbikitsa maboma kuika malamulo okakamiza oteteza ana ku kutsatsa zakudya zosapatsa thanzi, itaona kuti kudalira makampani kuti adziletse okha sikunaphule kanthu kokwanira.

Palibe lamulo limodzi limene lathetsa vutoli palokha, ndipo palibe dziko limene linganene kuti lapambana kotheratu. Komabe ubwino wa malamulo otere ndi wakuti amafikira mwana aliyense, ngakhale amene makolo ake sanapite kusukulu kapena alibe nthawi. Kwa ife mwayi ulipo woti tichitepo kanthu chiwerengero chikadali chotsika. Ngakhale lamulo la dziko lisanabwere, komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi angathe kugwirizana ndi amayi ogulitsa pa geti kuti pakhale zipatso, mtedza, chimanga, mbatata ndi chinangwa chophika, ndiponso kuonetsetsa kuti pasukulu pali madzi abwino akumwa ndi nthawi yeniyeni ya masewera.

Kodi ndimumane chakudya kuti achepe thupi? Ndilankhule naye bwanji?

Musamumane, ndipo musamupatse mankhwala, tiyi kapena zitsamba zochepetsa thupi zimene zimatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mwana akukula, ndipo ubongo, mafupa ndi magazi ake zimafuna chakudya chokwanira. Kwa ana ambiri amene sanathe msinkhu cholinga si kutsitsa sikelo, koma kuchepetsa liwiro la kulemera kuti kutalika kupeze thupi. Kusintha kukhale kwa nyumba yonse, chifukwa kupatsa mwana mmodzi masamba pamene ena akudya chipisi pamaso pake ndi chilango, ndipo mwana amachimva ngati chilango.

Pa kalankhulidwe, pewani mayina onyoza ngakhale a nthabwala, ndipo musalole abale ake kapena aphunzitsi kumutcha mayina otere. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti ana onyozedwa chifukwa cha thupi sachepa, koma amayamba kudya mobisa, kuthawa masewera ndi kudzida, ndipo ena, makamaka atsikana achisodzera, amagwa m'matenda odzimana chakudya kapena kudzisanzitsa. Lankhulani za mphamvu, thanzi ndi zimene banja lonse likufuna kuyamba kuchita, osati za maonekedwe ake.

Kodi sadzachepa yekha akakula? Ndi liti pamene tiyenera kupita kuchipatala?

Ena amachepa, koma si bwino kudalira zimenezo. Kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'mayiko angapo anapeza kuti ana oposa theka mwa onenepa kwambiri amakhalabe otero akafika pa unyamata, ndipo achinyamata pafupifupi 80 mwa 100 alionse onenepa kwambiri amakhalabe otero atakula. Matenda a shuga a mtundu wachiwiri, amene kale ankadziwika kuti ndi a akuluakulu, tsopano akupezeka mwa achinyamata, pamodzi ndi kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'chiwindi.

Pitani naye kuchipatala ngati sikelo yake ikukwera mofulumira kwa miyezi ingapo yotsatizana, ngati khungu la kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa lada ndi kukhakhala ngati litsiro losachoka posamba, ngati akumva ludzu kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, ngati amaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, ngati akudandaula kupweteka kwa m'chiuno kapena m'mawondo kapena wayamba kutsimphina, ngati wasiya kutalika, kapena ngati wayamba kukana sukulu chifukwa chosekedwa. Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo pemphani kuti amuyeze kulemera ndi kutalika komwe, osati kulemera kokha. Auzeni azaumoyo za mankhwala alionse amene akumwa ndiponso za achibale amene ali ndi matenda a shuga kapena a mtima, kuti aone ngati pakufunika kuyeza shuga wa m'magazi ndi kuthamanga kwa magazi.